A Koloko Anakhoza Mayeso a Maso

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, anakonza mawotchi zaka makumi atatu ndi zisanu pakhonde la sitolo ya nsalu, moyang'anizana ndi pokwerera mabasi. Dzina lawo lenileni amalidziwa ndi achemwali okha, mwinanso nawo analiiwala. Tonse timati a Koloko. Ine ndimadula makiyi pakhonde lomwelo, mikono iwiri kuchokera pamene panali tebulo lawo, ndiye za iwo ndimazidziwa kuposa mmene iwo amafunira.

Munthu wake ndi wamfupi, wouma thupi, wadazi lowala moti ukafuna kuona ngati tsitsi lako lili bwino umangowapempha kuti awerame. Tebulo lawo linali kabokosi ka galasi ka madirowa atatu. Pamwamba ankayala kansalu koyera, ndipo ukangogwetserapo fumbi la makiyi unkamva mbiri ya mtundu wako wonse. Kumbuyo kwawo kunali thabwa la misomali, msomali uliwonse wotchi yake, popanda kapepala, popanda dzina. Eni a mawotchiwo ankawasunga m'mutu. Munthu ankatha kusiya wotchi mvula isanayambe n'kudzabwera itatha, iwo n'kungotembenuka, kukolowola yake yeniyeniyo, n'kumufunsanso ngati anasiya kuchapa zovala ataivala.

A Koloko anawapeza achemwali ndi luso lomwelo la mawotchi. Bambo athu anawatuma kuti akakonzetse yawo, ndipo a Koloko, omwe nthawi imeneyo anali ndi tsitsi, anaikonza mwanzeru moti inkayenda masiku asanu ndi limodzi, lachisanu ndi chiwiri n'kuima. Achemwali anabwerera nayo kasanu ndi kawiri. Bambo atatulukira anati, "Muuzeni mnyamatayo atumize akwawo, koma ayambe wandikonzera wotchi yanga."

Ntchito yonse ankaigwira ndi diso la kumanja. Ankapanapo kagalasi kokulitsa zinthu, la kumanzere n'kulitsinzina, n'kuwerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza wotchi. Nyumba yawo, malata ake, sukulu ya ana atatu, diresi lililonse la achemwali, zonsezo zinatuluka m'diso limodzi limenelo. Ine sukulu ndinaithawa ndevu zisanamere, koma masamu amenewa ndimawatha: diso likatseka, khomo lonse latseka.

Tsono ntchito imeneyi ili ndi lamulo limene silinalembedwe paliponse. Wokonza mawotchi akhoza kuvomera pagulu kuti ali ndi chifuwa, ali ndi nsabwe, mkazi wamuthawa, koma za diso salankhula. Makasitomala akangomva kuti diso lakula, amanyamula mawotchi awo tsiku lomwelo. Mkulu amene anawaphunzitsa ntchito, amene anawasiyira tebulo lija, anafa akunena kuti akuona bwinobwino, chonsecho ankapereka moni kwa mitengo ya magetsi. A Koloko analandira tebulo pamodzi ndi bodza lake.

Ife apakhonde tinali ndi bungwe lathu la matenda. Atelala, osoka nsapato, ife amakiyi, amayi ogulitsa zipi ndi mabatani, tonse tinalipo ngati makumi anayi. Mwezi ukatha tinkasonkha, ndipo tinali ndi dokotala wathu amene tinagwirizana naye, mkulu wa imvi yemwe kachipatala kake kanali pamwamba pa sitolo ya zitsulo. Tinkati Adokotala a Pamwamba. Masitepe ake anali opapatiza, fani yake inkalira ngati chigayo, koma ukadwala m'mawa, masana wawaona. Ankatidziwa tonse ndi mabodza athu omwe. Ankadziwa telala amene amabisa mowa, ankadziwa mayi amene amagawana mapilitsi ndi apongozi ake.

Ndi iwo amene anagwira nthenda ya a Koloko. Achemwali anawakokera kumeneko chifukwa mutu unkawapweteka, ndipo ine ndinaperekeza kuti ndikaseke.

"Maso akuona bwanji, a Koloko?"

"Bwinobwino, adokotala. Ndikuona mpaka nyerere ili kutsidya kwa msewu uko. Yaimuna."

Adokotala sanatsutse. Anangoima cha kumbali, kufupi ndi khutu la kumanja, n'kuimika zala.

"Zala zingati?"

"Zala ziti?"

"Khalani pansi, abodza inu."

Atayeza ndi makina awo anatifotokozera mwachidule. Madzi a m'diso sankatuluka bwino, ngati paipi yotsekeka, ndipo ankafinya mtsempha wa kumbuyo. Mdima umayambira m'mbali n'kumalowa pakati pang'onopang'ono. Mtsemphawo ukafa, wafa, palibe amene amauutsa. Anawapatsa mankhwala odontheza, ndipo kwa zaka ziwiri a Koloko ankakwera masitepe aja mwezi ndi mwezi, kunama bodza lomwelo, kugwidwa, kuseka, kutsika ndi kabotolo m'sokosi kuti apakhonde asaone. Bodzalo linali ngati moni wawo awiriwo.

Chaka chachitatu chitangoyamba, Adokotala a Pamwamba sanaseke. Anati madontho atopa, diso la kumanja likufunika opaleshoni chaka chisanathe, apo ayi tiliiwale. Anali ndi mnzawo wodziwa ntchito imeneyo. Bungwe linakhala pansi, linavomera, ndipo tinkangodikira kuti mnzawoyo apereke tsiku.

Apa ndi pamene boma linati likonze za umoyo.

Wailesi inkangolankhula zomwezo m'mawa ndi masana. Inshulansi ya boma, munthu aliyense khadi lake, wolemera ndi wosauka mzere umodzi. Ine ndinakondwa, sindibisa. Ndinafika pakhonde ndikuimba likhweru.

"Alamu, mwamva? Boma likufuna kukusamalani. Kadiso kanu kalowa m'manja mwa akuluakulu."

"Inu chinthu akangoti chaulere mumavula ndi nsapato zomwe kuti muthamange bwino," anatero osadzutsa mutu. "Boma linandionapo ine? Likudziwa kuti ndimanama?"

"Likuphunzirani."

"Liphunzira liti? Taonani pathabwapa. Iyi ndi iyi n'zamtundu umodzi, zinatuluka fakitale imodzi, koma iliyonse ikudwala zakezake. Mwini wa iyi amaswa miyala, mwini wa iyo amakanda buledi. Kuti uikonze uyenera kudziwa mkono umene imagonapo. Ndiye munthu ali mu ofesi ya kutali, fani ikumupepesa, alembe pepala limodzi loti likwane maso a dziko lonse?"

Telala wa makina akuda anati komatu pali anthu ambiri amene alibe bungwe, akadwala amangogona.

"Amenewo awathandize, ine sindikukana," anatero a Koloko. "Awamangire zipatala, awagulire mankhwala, ndisonkha nawo. Koma chathuchi chikuyenda. Akuchitseguliranji? Adokotala a Pamwamba akandizunza lero, mawa bungwe lisamuka, lipita kwa ena, ndipo iwo akudziwa zimenezo, n'chifukwa chake amatifunsa za ana. Boma likandizunza ndisamukira kuti?"

Ndinawauza kuti akanakhala ndi tsitsi akanaima pa chisankho. Anandiuza kuti ndichotse fumbi langa pansalu.

Ndisaname, alipo amene anapindula. Mayi wina wosesa pokwerera mabasi, yemwe m'bungwe sanalimo, mwana wake anachira chophukacho ndi khadi lomwelo, ndipo mpaka lero amalipsompsona. Koma ife apakhonde zinatiyendera mwina. Lamulo linati mabungwe ang'onoang'ono a matenda atsekedwe, thumba lawo likalowe m'thumba lalikulu la boma. Linatinso dokotala aliyense alowe m'ndondomeko yatsopano, ndipo kuti alowe akhale ndi makompyuta, khomo lotambalala, ndi mlembi wodzaza mafomu. Adokotala a Pamwamba anali ndi masitepe opapatiza aja ndi cholembera chimodzi. Anapirira miyezi iwiri, wachitatu anatsitsa chikwangwani n'kunena kuti akupita kukakhala ndi mwana wawo kutali. Mnzawo wa opaleshoni uja anali atatengedwa kale kupita kuchipatala chachikulu, kumene munthu sufika wekha, amachita kukutumiza.

Tsiku lotsanzika anawapatsa a Koloko kalata ya mu envulopu.

"Iyi mukapereke m'manja mwa dokotala. Ndipo a Koloko, kumeneko musakaname."

"Ine ndinanamapo liti, adokotala?"

Anaseka onse awiri, koma mkulu uja anawagwira dzanja nthawi yaitali.

Khadi linkakulozera chipatala cha dera limene umagona, osati chimene ukufuna. Tinapita Lachiwiri m'mawa, ine ndi iwo. Pawindo panali mlembi wa magalasi, wosaipa mtima, wongotopa. Envulopu sanaigwire n'komwe.

"Makalata akunja sitilandira, bambo. Aliyense amayambira kwa anamwino. Mzere wa maso ndi uwo."

Mzerewo unali wa mabenchi, m'kakhonde kakatali konunkha mankhwala okolopera. Unkayenda ndi matako. Wina akalowa, nonse mumasendera malo amodzi, ndipo benchi linali losalala chifukwa cha mathalauza a anthu. Chipinda choyezera chinalibe chitseko. Mahinjesi analipo, chitsekocho ankati chinaitanitsidwa. Ndiye zonse zinkamveka panja. Namwino mmodzi, mtsikana woonda wa mawu osasa, ankakhazika munthu pampando, kumupatsa kakatoni kotsekera diso limodzi, n'kumaloza ndi ndodo zilembo za pachikwangwani, zazikulu pamwamba, zing'onozing'ono pansi. Munthu ankawerenga mokweza mpaka pamene wakanikira. Kenako diso linalo. Kenako wina.

Tinakhala pamenepo kuyambira seveni mpaka dzuwa linafika pamutu. Ndinaona milomo ya alamu ikugwedera ndipo ndinkayesa akupemphera. Kani mutu uja wosunga eni a mawotchi makumi asanu unali pantchito. Zilembo zomwezo anazimva kokwana makumi anayi. Mzere wapansi penipeni, umene akuluakulu onse ankaulephera, anauwerenga mwana wasukulu wina wamkazi amene anabwera ndi chikope chotupa, ndipo iwo kumva kamodzi kunawakwanira.

Titatsala anthu atatu, wina anawagunda paphewa kuchokera kumbuyo.

"Aa, a Koloko! Inunso kuno?"

Anali kapitawo wa kudepoti ya mabasi, chimunthu cha mawu ngati hutala. Ameneyu ndiye anali kasitomala wamkulu. Mawotchi onse a madalaivala ndi makondakitala ankabwera nawo ndi iye, m'kathumba, mwezi ndi mwezi.

"Ndangoperekeza alamu angawa," anatero a Koloko. "Makiyi akuwadula mokhota masiku ano."

Anthu anaseka. Ndipo ine, pakamwa panga posatseka apa, ndinafuna kubweza.

"Musawamvere, akapitawo. Lero tiona ngati kadiso ka mawotchi anu kakadali ndi moyo."

Benchi lonse linaseka kwambiri kuposa poyamba. Kapitawo sanaseke. Anangoti, "Ee?" n'kusendera kutsogolo kuti aone bwino m'chipindamo.

Pali chimene ndiyenera kunena powaikira kumbuyo alamu anga. Palibe anatiuza ntchito ya chikwangwani chija. Panalibe cholembedwa pakhoma, namwino analibe nthawi yofotokoza. A Koloko ankaganiza kuti ichi n'chipata chabe, kuti kuseri kwake kuli dokotala amene adzaima cha kukhutu n'kuimika zala, n'kuwerenga kalata ili m'thumba la jekete. Kwa zaka ziwiri bodza linali lisanawapwetekepo.

Anakhala pampando, anatseka la kumanzere. Namwino analoza. Iwo anayamba, mawu ali gwa, mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu. Ndinaona kuti sakutsata ndodo, akutsata kugogoda kwake. Anatsika mpaka pansi penipeni, pa mwana wasukulu paja, osaphonya n'chimodzi chomwe. Mayi wina pabenchi anaomba m'manja. Kapitawo anati, "Amenewo ndiye a Koloko!"

"Bambo, pa msinkhu wanuwu?" anatero namwino. "Nanga mwabwereranji? Pali chimene chikukuvutani?"

"Ayi, mwanangu. Kungoyezetsa."

"Mutu? Chifunga? Simukugunda zinthu?"

A Koloko anacheuka. Kapitawo anali atatsamira pafelemu pomwe.

"Palibe."

Namwino anagogoda pakompyuta, n'kuwabwezera khadi.

"Gulu lachitatu. Mudzabwerenso pakatha miyezi khumi ndi iwiri. Wina!"

"Nanga adokotala?"

"Adokotala a maso ali kuchipatala chachikulu. Kumapita a gulu loyamba okha. Inu muli bwino, thokozani."

Dzanja lawo linapita pathumba la jekete, linakhala pamenepo pang'ono, linatsika. Anati zikomo. Titatuluka pageti anagunda njinga yoimikidwa kumanja kwawo, n'kuipepesa.

Achemwali tinawapeza akusita. Ndinafotokoza ndine, chifukwa eni ake anangokhala pampando duu.

"Mwakhoza?" anatero achemwali, simbi ili m'mwamba. "Abambo, mwakhoza chiyani? Satifiketi yake ili kuti, tiipachike pakhoma ana adzaione?"

"Panali anthu, mayi."

"Anthuwo adzakutsogolerani ndi ndodo? Ndi iwenso," anatembenukira kwa ine, "unapita kukatani? Kukaulutsa mpira?"



M'mawa mwake achemwali anawatenga okha, ine ndikutsatira kumbuyo ngati galu wakuba mazira. Pawindo a Koloko anavula chipewa n'kunena motsitsa mawu chimene sananenepo chiyambire ntchito.

"Dzulo ndinanama. Diso ili silikuona. Zilembo zija ndinaloweza."

Mlembi wa magalasi anawayang'ana, anayang'ana pakompyuta.

"Pano palembedwa gulu lachitatu, bambo. Ine sindingafufute. Ndikalowetsa nambala yanu miyezi isanakwane, makina akana okha. Taonani." Anatembenuza galasi kuti tione akukana.

"Ndiye ayezedwenso," anatero achemwali.

"Kuyezanso ndi pakatha miyezi khumi ndi iwiri. Anaika dala, mayi. Anthu ankabwera sabata ndi sabata kudzayesa mwayi, mzere sunkayenda."

"Palibe kodandaula?"

"Kulipo. Pali fomu." Anaitulutsa, masamba anayi. "Muphatikizepo kalata ya dokotala wa maso wotsimikiza kuti gulu linalakwika."

A Koloko anasolola envulopu ija msangamsanga.

"Osati imeneyo. Ya dokotala wa m'ndondomeko, yokhala ndi nambala yake."

"Ameneyo timuona bwanji?"

"Mukakhala m'gulu loyamba."

Achemwali anaika manja onse awiri pakauntala.

"Mwana wanga, tabwerezanso pang'onopang'ono, udzimvere wekha."

"Ndimadzimva tsiku lililonse, mayi," anatero mlembi. "Wotsatira."

Namwino uja tinamudikira panja mpaka nthawi ya nkhomaliro. Anatuluka ndi kabotolo ka madzi, ndipo atamva anakhala pakhonde n'kugwira mutu.

"Ndinakufunsani kawiri, bambo. Kawiri. Ine ndili ndi mphindi zitatu pa munthu aliyense ndi ndodo imodzi. Makina oyezera mphamvu ya madzi m'diso kuno kulibe. Ndikalemba kuti ndinalakwitsa, andifunsa kuti ena makumi asanu ndi atatu a tsikulo ndinawayeza bwanji." Anawayang'ana m'diso muja, pafupi, ndi maso ake okha. "Madontho musasiye."

Madontho anatha mwezi wotsatira. Kusitolo ya mankhwala anati amenewo tsopano amatuluka ndi pepala la m'ndondomeko lokha, ndipo pepalalo limalembedwa kuchipatala chachikulu. Achemwali anapeza mabotolo awiri kwa mayi wina amene amuna ake anamwalira atawasiya, ndipo anadontheza amenewo mpaka kutsuka botolo ndi madzi owiritsa. Zipatala zolipira zinatsala ziwiri mumzinda monse, zija za mageti aatali, chifukwa zing'onozing'ono zonse zinatseka ngati cha Pamwamba. Ndinapita ndekha kukafunsa za opaleshoni. Mtengo wake anandiuza ndili chiimire, ndipo ndinapempha mpando. Tinayesa kusonkha pakhonde mwakachetechete, koma aliyense anali akudulidwa kale za inshulansi pa chiphaso cha malonda, ndipo munthu sangasonkhe kawiri ndi thumba limodzi. Zimene tinapeza zinangokwanira kuti dokotala wa kumeneko awaone kamodzi n'kubwereza zimene Adokotala a Pamwamba ananena kale. Kalata yake nayonso pawindo anaikana.

Ndiye tinadikira, poti n'zimene khadi linanena.

Chaka chimenecho ndinachionera pa mikono iwiri. Poyamba ankangochedwa. Ntchito ya ola limodzi inkatenga tsiku. Kenako tizitsulo tinayamba kuwathawa. Kasikuluu kakagwa, kale ankakatola asanamalize kutukwana, koma tsopano ankakhala chete, manja ali pansalu, mpaka ine ndizindikire. Ndinkagwada n'kumakwawa pakhonde ngati ndataya makiyi anga.

"Alamu, mukundigwiritsa ntchito ya nkhuku."

"Tolani, musalankhule. Anthu akudutsa."

Ankapukuta kagalasi kaja kakhumi pa tsiku, n'kumanena kuti magalasi a masiku ano ndi achinyengo, chonsecho kanali komweko ka zaka makumi atatu. Masana mutu ukawagwira ankalowa kuseri kwa sitolo, kumene amataya makatoni, n'kukaima chogwira khoma. Anayesa kusamutsira kagalasi ku diso la kumanzere. Nkhope inakana. Mnofu wa kumanja unali utazolowera kupana, wa kumanzere unkangokataya, ndipo akakagwira ndi dzanja ankatsala ndi dzanja limodzi logwirira ntchito. La kumanzerelo nalonso linali ndi chifunga chake.

Thabwa linadzaza. Anakhoma misomali ina m'mphepete. Anthu akabwera ankawauza kuti zipangizo zikuvuta kupeza, abwere sabata ya mawa. Mabatire ndi malamba ankasinthabe, chifukwa zimenezo zala zimadziwa zokha. Koma tsiku lina anatsegula wotchi ya dalaivala wina, kachitsulo kanaterereka, n'kudula kasipuling'i kopyapyala ngati tsitsi kamene kamayendetsa zonse. Kapitawo anabwera, anaiyang'ana, anawayang'ana iwo. Sanakalipe. Anatenga kathumba kake, ndipo mwezi wotsatira tinamuona akuwoloka msewu cha kumtunda kuti asadutse pakhonde pathu.

"Munthu amene munanama pomuopa uja ndi uyo," ndinatero, kenako ndinalakalaka nditameza lilime.

"Ali kuti?" anatero a Koloko. Kapitawoyo anali kumanja kwawo.

Miyezi khumi ndi iwiri itakwana, tsiku lake lenileni, tinali pabenchi paja sikisi isanakwane. Chitseko chinali chitafika, chabwino, cha buluu. Namwino anali wina. Alamu anatseka la kumanzere, ndodo inagogoda.

"Werengani, bambo."

"Chikwangwanicho chili kuti, mwanangu?"

Gulu loyamba. Makina anavomera mosavuta. Patatha masabata atatu tinali kuchipatala chachikulu, ndipo kunena zoona n'chokongola, pansi pake ungadyerepo. Dokotala anali wachinyamata, maso ofiira ndi tulo, waulemu. Anawayeza ndi makina atatu, anawalitsa tochi, anabwerezanso. A Koloko anapereka envulopu ija, itafewa ngati nsalu chifukwa chokhalitsa m'jekete. Iyeyu anailandira. Anawerenga mpaka pansi, anabwerera pamwamba pa deti.

"Bambo, kalata iyi ndi ya chaka chatha. Munali kuti nthawi yonseyi?"

"Ndinali pamzere."

Dokotala anavula magalasi n'kutikita m'maso. Anati la kumanja mtsempha unafa, mwina miyezi inayi kapena isanu yapitayo, ndipo mpeni ulibenso chochita mmenemo. La kumanzere alimenyera nkhondo, awapatsa madontho lero lomwe, awaika patsogolo. Lidzawathandiza kuyenda, kuzindikira nkhope, kuwerenga zilembo zikuluzikulu.

"Nanga wotchi?" anafunsa achemwali.

"Kuona nthawi? Ya manambala aakulu akhoza."

"Kukonza."

Dokotala anayang'ana manja a alamu, kenako anayang'ana pansi.

Sabata yotsatira a Koloko anafika pakhonde ndi katoni ya nsapato ndi manyuzipepala akale. Anakolowola mawotchi onse pathabwa, imodziimodzi, akuipapasa kumsana ndi chala n'kutchula mwini wake, n'kuikulunga. Analipo makumi asanu ndi limodzi kudza atatu. Ndinati tiike chikwangwani, eni ake azibwera okha.

"Anabweretsa okha ndi ulemu," anatero. "Ndikapereka ndekha. Tsekani makina anuwo, mundiperekeze."

Tinayenda masiku anayi. Kugalaja, kubekale, kuseri kwa msika, kumaofesi kumene mlonda ankatiimitsa pageti. Paliponse ankavula chipewa n'kunena mawu omwewo, mokweza, ngakhale pali anthu: "Wotchi yanu iyi. Sindinaikonze. Diso langa lafa." Ena ankapepesa. Mmodzi anafunsa ngati akudziwa wina wokonza, ndipo anamulozera bwinobwino, ndi njira yomwe. Wina anaitsegula pomwepo kuti aone ngati zam'kati zonse zilimo.

Yomaliza inali ya mayi wina wopuma pa uphunzitsi, wokhala m'kanyumba ka kumapeto kwa msewu wafumbi. Inali wotchi yopukusa ndi dzanja, ya malemu amuna ake. Tinamupeza akuthirira maluwa m'zitini. Anamvetsera mpaka a Koloko anamaliza, n'kupukuta manja pa epuloni, koma wotchiyo sanailandire.

"Ikhale konko, bambo. Ine sindifuna wina aitsegule. Abambo kuno ankangokhulupirira inu. Achipatala masiku ano akuchita zodabwitsa, muchira. Ndidikira."

A Koloko anafufuza dzanja la mayiyo, analipeza kachiwiri, anaika wotchi pachikhatho n'kupinda zala zake ndi manja awo onse awiri.

"Musadikire, mayi."

Katoni tinaisiya pa bini ya pakona. Pobwerera ndinayenda kumanja kwawo, mbali ya msewu, kuti njinga ndi ngolo ziyambe zagunda ine. Tinadutsa galaja, tinadutsa mpope, palibe wolankhula. Pafupi ndi mlatho anaima.

"Alamu, mulipo?"

"Ndilipo."

"Ndiye muzilankhula. Mbali imeneyo ndilibe njira ina yodziwira."

Ndinafunafuna choti ndinene, chilichonse, ngakhale cha dazi lawo. Sindinachipeze. Ndinangowagwira pachigongono, n'kuwoloka nawo.